Show, programme, series, season: pa kalata yanga ndilembe liti abale?

Tadala: Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano. Ndithandizeni, pali kanthu kandizunguza mutu kuyambira dzulo. Ife achinyamata a ku tchalitchi kwathu tajambula sewero, magawo 8, gawo lililonse mphindi 25, nde tikufuna tilembe kalata ku wayilesi ina ya kanema mwina angatiulutsire. Kalatayo akuti ikhale ya Chingerezi. Ine ndinalemba our show, ndafufuta, ndaika programme, mnzanga akuti ayi imeneyo ndi series, wina akuti season, tcheya wathu akuti ingolemba broadcast zonsezo nzimodzi. Pano pepala langoti bii ndi zofufuta. Mawu amenewa ndi amodzidi kapena tikungonamizana?

Kondwa wa pa Ndirande: Lemba season sisi usavutike. Ine pa kauntala yanga pano munthu akabwera ndi fulashi amangoti amwene ndiikireni sizoni, chiyambireni ntchito imeneyi sanabwerepo woti ndiikireni programme kkkk

Aphunzitsi Opuma: Ayi Kondwa usamusocheretse mwanayu. Za pa kauntala pakozo ndi Chichewa chathu chomwe, tinangobwereka liwu nkulipatsa ntchito ina. Kwa eni ake season si sewero lonse, ndi mtolo umodzi wa magawo amene atuluka ulendo umodzi, akapuma nkudzabweranso ndi mtolo wina nde season yachiwiri imeneyo. Tadala akalemba kuti we have a season amufunsa kuti season ya chani.

Kondwa wa pa Ndirande: Pepani aphunzitsi kkkk ndakhala pansi. Koma zoona zake anthu kuno sizoni amatanthauza chilichonse chotalika kuposa filimu, kaya ndi cha ku Korea, cha ku Philippines, cha ku India, bola chikhale ndi ma episodi ambiri choti ukayamba Lachisanu umalize Lamulungu maso ali psuu

Tadala: Nde season yatuluka mu mpikisano. Zatsala zinayi

Mphatso ku Leeds: Dikirani kaye musathamange, nkhani ya season ndi series ili ndi msampha wina umene ine unandikola nditangofika kuno. Ndimagwira ntchito yosamalira agogo, nde tsiku lina gogo wina akundiuza mosangalala kuti new series ikuyamba Lamulungu, ine nkumaganiza kuti ndi sewero latsopano loti sanalionepo, ndikufunsa kuti likukamba za chani, iwo akundiyang'ana ngati ndapenga. Kani ndi sewero lomwe lija akhala akulionera zaka ndi zaka, langobweranso. Kuno ku Britain chimene aku America amati season iwo amati series. Series one, series two, choncho. Pomwe ku America series ndi sewero lonse kuyambira pachiyambi mpaka pomwe lidzathere, season nkukhala zigawo zake. Ana a kuno masiku ano ayamba kunena season chifukwa cha Netflix koma achikulire ndi BBC akadali pa series

Kondwa wa pa Ndirande: Eeeh nde azunguwo sagwirizana okhaokha, ife tikuvutikiranji

Mphatso ku Leeds: Ndipo pali pena zimapweteka. Munthu wa ku America akati series finale ndiye kuti sewero latheratu, maliro, osadikiranso. Season finale nde kupuma chabe. Wa kuno akati last in the series mwina akungotanthauza kuti chaka chino basi tionana chaka chamawa

Aphunzitsi Opuma: Mwanena bwino mayi. Tsono ndiyambe ndi broadcast amene tcheya wanu akuti nzimodzi. Si zimodzi. Liwu limeneli ndi la kumunda, linalipo kalekale wayilesi isanabwere. Broad ndi kutambalala, cast ndi kuponya. Mlimi akatenga mbewu m'manja nkumawaza uku ndi uku osabzala pa phando, monga timachitira ndi mawere kapena pofesa fodya pa nazale, azungu ankati akuchita broadcast. Wayilesi itayamba cha m'ma 1920 anthu anaona kuti mawu akuwazidwa chimodzimodzi, osadziwa kuti agwera m'khutu la ndani, basi liwu linasamuka kumunda kupita ku situdiyo. Ife tinasankha kwina, timati kuulutsa, kuchititsa chinthu kuti chiuluke. Iwo amafesa, ife timaulutsa. Ndiye broadcast kwenikweni ndi ntchito youlutsayo, kapena chinthu pa nthawi imene chili m'mlengalenga. Sewero lako lili mu laputopu panopa si broadcast ayi. Lidzakhala broadcast tsiku limene adzaliike pa kanema.

Tadala: Aaah nde ndamva tsopano. Ife sitingapereke broadcast, iwowo ndi amene achite broadcast zathuzo

Aphunzitsi Opuma: Eya. Ndipo uchenjere, usadzalembe broadcasted. Ena amalemba ndithu ndipo m'madikishonale ena alimo, koma wokonza nkhani wachikale akaona amakwinya nkhope. Dzulo broadcast, lero broadcast, ngati mmene cut samasinthira. Ana anga a Fomu 4 ndinkawadula malikisi pa zimenezi mpaka ankandipatsa dzina.

Bambo a Junior, Joni: Dzina lake lotani aphunzitsi tiuzeni kkkk

Aphunzitsi Opuma: Limenelo ndidzapita nalo kumanda.

Chikondi wa ku Chipata: Ba Tadala ine nikuona programme ndiye ilibe mulandu. Kuno pa ZNBC chilichonse ni programme, nyuzi, za alimi, za bana, za mapemphero, vonse. Manje show ine nimamvela monga vosekesa chabe

Mphatso ku Leeds: Achimwene a ku Chipata alasa. Kuno programme ndi dengu lalikulu lolowa chilichonse chimene chili pa ndandanda wa tsikulo. Show imapendekera ku zosangalatsa, koti pali wina wayima kutsogolo ndi maikolofoni, anthu akuwomba m'manja, talk show, game show, za mipikisano yoyimba zija. Nkhani za 10 koloko usiku munthu wa kuno sangazitche show, zingamveke ngati ukuzipeputsa. Koma aku America pafupifupi chilichonse ndi show, ngakhale sewero lolira maliro kuyambira poyamba mpaka pomaliza amati my favorite show

Kondwa wa pa Ndirande: Kuno ukati sho anthu aganiza kuti kukubwera oyimba ku holo, kapena ka vidiyo sho ka mabenchi ndi nsalu yakuda pakhomo kaja tinkalowa ndi makobidi tili ana, sipika ili panja kuti odutsa amve zibakera

Tadala: Kkkkk Kondwa wandikumbutsa kutali, ine anandikwapulapo mayi atandipeza mmenemo ndi yunifomu

Bambo a Junior, Joni: Funso langa ndi la sipelo. Programme kapena program? Mwana wanga analemba program pa homuweki aphunzitsi anazunguliza ndi cholembera chofiira, koma pa foni yanga ndikalemba programme imandiikira mzere pansi

Aphunzitsi Opuma: Foni yanuyo ili pa Chingerezi cha ku America, mukasinthe mu ma setting. Programme ya mme kumapeto ndi ya ku Britain, ndipo ndi imene timatsata m'masukulu a ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ngakhale ku Joni komweko. Program yaifupi ndi ya ku America. Koma pali kachinthu kamodzi, ikakhala ya pa kompyuta ngakhale a ku Britain amalemba program. Ndiye Tadala kalata yopita ku ofesi ya m'Malawi muno ika mme wakeyo. Ife pa Chichewa tinathana nazo kalekale, pulogalamu basi, kaya ya pa kanema, ya pa ukwati, ya pa maliro kapena ya iwe ndi bwenzi lako Loweruka.

Tadala: Aphunzitsi inu kkkk ine ndilibe pulogalamu Loweruka ndimapita ku kwaya

Kondwa wa pa Ndirande: Kwaya yake ya anthu awiri

Tadala: Kondwa ndikutulutsa pa gulu

Bambo a Junior, Joni: Bwanji osangolemba soapie? Kuno sewero lililonse la mabanja, chikondi, kulandana chuma amati soapie. Generations inayamba 1994 pa SABC, madam kunyumba 8 koloko ikakwana rimoti siigwiridwa ndi munthu wina, ndipo akaphonya mkati mwa sabata amadikira omnibus. Omnibus ndi pamene amatenga magawo onse a sabata nkuwaika motsatizana tsiku limodzi kumapeto kwa sabata, ine poyamba ndinkayesa ndi dzina la basi

Mphatso ku Leeds: Ayi soap sizingatheke, magawo 8 okha? Soap ndi chinthu chosatha ankolo. Coronation Street inayamba Disembala 1960 pa ITV mpaka lero ikadalipo, inadutsa magawo 10,000 mu 2020. EastEnders ya BBC inayamba 1985. Agogo ena amene ndimawasamalira anayamba kuonera Corrie, mmene amaitchulira Coronation Street kuno, ali atsikana, pano ali ndi zidzukulutudzi, anthu a mu sewerolo amawakamba ngati ma neba, wakuti uja wamusiya mkazi wake, ine ndinafunsapo kuti amakhala nyumba iti ndikawazonde

Chikondi wa ku Chipata: Nanga sopo ibwelamo bwanji mu nkhani ya TV, ine icho chimanidabwisa

Aphunzitsi Opuma: Ndi sopo weniweni wochapira. Ku America m'zaka za m'ma 1930 kunali masewero a pa wayilesi a masana, omvera ambiri anali amayi amene ali pakhomo, ndiye makampani a sopo monga Procter & Gamble ndi amene ankalipira masewerowo kuti azitsatsa malonda awo pakati. Anthu monyogodola anayamba kuwatcha soap opera, opera chifukwa cha kulira ndi kukokomeza kuja. Dzina linakakamira mpaka pa kanema. Ndiye mukaona sewero la kwathu kuno likudulidwa pakati kuti atsatse sopo kapena feteleza, dziwani kuti mwambowo ndi wakale.

Ankolo a ku Angonia: Ndalowa mochedwa netiweki kuno imavuta. Ife mbali ino timati novela, zambiri zimachokera ku Brazil, za TV Globo. Telenovela imasiyana ndi soap pa chinthu chimodzi, imatha. Miyezi ingapo, tsiku ndi tsiku, kenako tsiku lomaliza woipa uja alangidwa, awiri aja akwatirana, mawa lake iyamba ina ndi anthu ena. Gawo lililonse timati capítulo ngati mutu wa m'buku. Ndipo chinthu china choseketsa, wayilesi ya kanema ya boma kuno ndi TVM, nde abale a ku Dedza akabwera nkumva TVM ankayesa tikunena yawo

Kondwa wa pa Ndirande: TVM yathu ija! Inayamba 1999 nthawi ya a Muluzi, kale lonse kunalibe kanema wathuwathu m'dziko muno. Ine ndinali kamwana tinkakaunjikana pa windo la a neba. Kenako anaiphatikiza ndi MBC nde pano ndi MBC TV, koma agogo anga mpaka lero amati tsegula TVM ngakhale akufuna Zodiak kapena Times

Tadala: Nde abale mwanditengera ku Brazil ndi ku Leeds kalata ikadali pomwepo. Soap ayi, novela ayi, season ayi, broadcast ayi, show mwina ayi. Ndatsala ndi programme ndi series

Aphunzitsi Opuma: Ndikufunse kaye. Munthu ataphonya gawo lachiwiri ndi lachitatu nkudzaonera lachinayi, atsatira?

Tadala: Sangatsatire. Nkhani yake ndi imodzi, mtsikana wamasiye amene amalume ake amulanda munda, gawo lililonse limathera poti mtima uli m'mwamba

Aphunzitsi Opuma: Ndiye mwa Chingerezi chimene ife tinaphunzira chimenecho ndi serial. Kale ankasiyanitsa bwinobwino. Serial ndi nkhani imodzi yodulidwa m'zidutswa, uyenera kutsatira mwa ndondomeko. Series anthu ake ndi omwewo koma gawo lililonse lili ndi nkhani yakeyake imene imayamba nkutha tsiku lomwelo, monga za apolisi zija lero agwira wakuba uyu sabata yamawa mlandu wina. Koma ndisakunamize, kusiyanitsa kumeneku kukufa. Lero anthu angoti series pa zonse.

Kondwa wa pa Ndirande: Serial ine ndimadziwa serial number ya foni ndi serial killer, komanso ija amadya ana a mabwana m'mawa ndi mkaka

Chikondi wa ku Chipata: Iyo ni cereal iwe kkkkk

Mphatso ku Leeds: Tadala ndikuuze mmene amalembera kuno mu ndandanda wa mapulogalamu, amangoti eight-part drama. Basi. Mawu atatu koma wanena kuti ndi sewero, wanena kuti magawo ndi 8, wanenanso kuti lili ndi pothera. Aku America angati miniseries kapena limited series, tanthauzo ndi lomwelo. Ukafuna series isasowe lemba eight-part drama series, palibe angakutsutse. Gawo lililonse nde episode. Ine ndikanakhala iwe serial ndikanaisiya, siyolakwika koma ikumveka ngati wabwereka jekete la agogo

Aphunzitsi Opuma: Jekete la agogo limafunda bwino mayi, koma ndavomera.

Tadala: Eight-part drama series. Ndalemba pa dzanja. Nanga mnzanga amene anajambula akuti titumize pilot, pilot si woyendetsa ndege?

Mphatso ku Leeds: Kkkk pilot ndi gawo loyeserera, umajambula limodzi lokha nkukaonetsa mabwana kuti akalikonda apereke ndalama zojambulira ena onse. Zili ngati kulawitsa ndiwo usanapakule. Inu mwajambula kale onse 8 nde si pilot kwenikweni, ingonenani kuti first episode mwaiika pa fulashi kuti aone

Bambo a Junior, Joni: Ndipo konzekani mtima, akayankha mwina akuuzani za airtime. Musakagule mayunitsi a foni nkuwatumizira kkkk. Ku wayilesi airtime ndi nthawi imene chinthu chanu chikhale pa kanema, ndipo kawirikawiri imagulidwa, nde funso loyamba likhala loti muli ndi sponsor? Liwu lina ndi slot, malo anu pa ndandanda, monga Lachiwiri 7:30 madzulo. Prime time ndi nthawi ya madzulo ija aliyense wadya nsima wakhala pansi, imeneyo nde yodula. Ine ndinayendetsako galimoto ya anthu ojambula malonda kuno ndi mmene ndinadziwira timawu timeneti, tsiku loyamba atati we are on air in five ndinayang'ana kumwamba

Kondwa wa pa Ndirande: Ankolo mumadikira ndege ya pilot uja

Chikondi wa ku Chipata: Nifunseko na ine, live na repeat na highlights. Tinakangana pa bala Sondo, mpila unali utasila kale koma pa kona ya TV panali polemba live

Mphatso ku Leeds: Mwina anangobwereza ndi chizindikiro chake chomwe osachotsa. Live ndi pompopompo, zikuchitika uko iwe ukuona konkuno nthawi yomweyo. Akaonetsanso pulogalamu imene inaulutsidwa kale kuno amati repeat, ku America rerun. Replay nde kachidutswa kaja amabwereza chigoli chikangolowa, ngakhale ena amatchula choncho mpira wonse ukamaonetsedwanso. Highlights ndi zonona zokhazokha, zigoli ndi ma red card, mpira wa mphindi 90 nkuupanikiza mu mphindi 10, Match of the Day ya BBC imachita zimenezo kuyambira 1964. Koma live yomweyo kuno ili ndi tanthauzo lachiwiri limene limagwetsa anthu obwera kumene. Kuno kuli layisensi ya TV, ndipo lamulo limati ukamaonera live TV uyenera kulipira. Mnzanga wina ankati ine sindionera mpira kapena nkhani, ndimangoonera masewero ojambulidwa kale nde sizikundikhudza. Ayi ndithu. Pa lamulo limenelo live ndi chilichonse chimene ukuonera pa nthawi imene tchanelo ikuchiulutsa, ngakhale filimu ya 1970. Anachita kumufotokozera anzake a kuntchito ataona makalata akuchuluka pakhomo

Ankolo a ku Angonia: Pompopompo ndi liwu lokoma kuposa live, likuchita kumveka kuti chinthu chikadali chotentha

Aphunzitsi Opuma: Ndikugwirizana nanu. Amene analipeza liwu limenelo ku wayilesi anagwira ntchito. Si zonse zimene tiyenera kubwereka. Gawo ndi episode yabwinobwino, sewero ndi drama, kubwereza ndi repeat, muulutsi ndi presenter. Pamene ndimasowa chonena ndi pa documentary, timangozungulira kuti pulogalamu yofotokoza zinthu zenizeni, mpweya kutha.

Kondwa wa pa Ndirande: Dokyumentale basi aphunzitsi, za mikango ndi mbidzi zija. Ine ndikaika pa fulashi ndimangolemba ZA NYAMA

Mphatso ku Leeds: Si za nyama zokha iwe kkkk, ngakhale za mbiri ya John Chilembwe kapena za nsomba za m'nyanja yathu ikhoza kukhala documentary, bola zisakhale zopeka

Tadala: Komaliza ndithu ndisakutopetseni. Pamwamba pa kalata, ndikunena kuti your channel kapena your station? Tcheya analemba your network

Bambo a Junior, Joni: Network asiyeni aku America ndi ma NBC, CBS, ABC awo, kumeneko kampani imodzi imadyetsa mawayilesi ambirimbiri a m'mizinda nde ndi ukonde weniweni. Kwathu ukati network munthu ayang'ana timizere ta pa foni. Channel ndi imene umasintha pa rimoti, pa DStv kapena GOtv ili ndi nambala yake. Station ndi nyumbayo ndi anthu ake, koti ukhoza kupita nkukagogoda. Poti mukulembera anthu, station ikukhala bwino

Chikondi wa ku Chipata: Olo station na yeve mu Lilongwe angakutumize ku polisi kapena kothila mafuta

Tadala: Kkkkk abale. Chabwino ndalemba chonchi, We have produced an eight-part drama series in Chichewa and we would like your station to broadcast it. The first episode is enclosed. Programme ndayiika mmunsi pomwe ndikufunsa za programme schedule yawo. Zili bwanji?

Aphunzitsi Opuma: Zili bwino kwambiri. Onjezera kutalika kwa gawo lililonse, amafuna adziwe ngati likwana mu slot ya theka la ola pamodzi ndi malonda. Ndipo kalatayo ipite kwa amene amaona za mapulogalamu, osangoti kwa bwana wamkulu, ingakagone mu thireyi.

Mphatso ku Leeds: Mphindi 25 zili bho pa theka la ola. Mukadzayamba kuulutsa muikenso pa YouTube ife akutali tizionera, ndiwaonetsa agogo anga kuno aone kulanda munda kwenikweni osati za Corrie

Kondwa wa pa Ndirande: Ine ndingopempha kope imodzi, pa kauntala pano ndidzalembapo SIZONI YA CHICHEWA, muona mmene iyendere

Tadala: Ukangoyerekeza kubena sewero lathu tisanaulutse ndikubwera ndi kwaya yonse pa Ndirande pompo

Kondwa wa pa Ndirande: Ya anthu awiri ija?

Ankolo a ku Angonia: Nanga amalume olanda munda aja pomaliza zikuwathera bwanji, tiuzeni ife a netiweki yovuta mwina sitidzaonera

Tadala: Ankolo dikirani gawo 8. Magetsi athima kuno, ndikathamangire kosindikiza asanatseke